Chikamwini chikudya chipani cha Progressive ku Vermont

Mavoti 10. Atawerenga kachiwiri mapepala onse a chisankho cha meya wa mzinda wa Burlington mu Malichi 1981, kusiyana kwake kudali kumeneko basi. Gordon Paquette wa chipani cha Democratic, yemwe adali atakhala pampandowo zaka 10 ndipo ankauona ngati wa makolo ake, adagwa chagada. Womugwetsayo adali Bernie Sanders, mwana wa ku Brooklyn, wa tsitsi losapesa, wopanda chipani, wopandanso ndalama zoti nkutchula. Ambirife tidamudziwa bamboyu imvi zili mbuu, pomwe ankafuna upulezidenti wa America mu 2016 ndi 2020. Lero timukhazike pambali pang'ono. Ndikufuna tikambe za chipani chomwe chidaphuka pa mavoti 10 amenewa, Vermont Progressive Party, ndi anthu omwe chidawakhazika m'mipando.

Mlandu womwe ndabwera nawo pabwalo ndi wachidule. Chipanichi chinkakula pomwe a Democratic ankachiopa. Chidayamba kuonda chitavomera kukalowa chikamwini kwa a Democratic omwewo, ndipo chikapanda kusamala chidzatsala kachilembo kamodzi kopachikidwa pambali pa dzina la munthu pa pepala lovotera.

Tiyambe tadziwa malo. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi malamulo akeake a chisankho. Vermont ndi kachigawo ka mapiri, ng'ombe za mkaka ndi chisanu choswa mafupa, kumpoto chakum'mawa, m'malire ndi Canada. Kalembera wa 2020 adapezako anthu 643,000 ndi kamchira. Mzinda wa Lilongwe wokha ukuposa. Likulu lake, Montpelier, lili ndi anthu pafupifupi 8,000, ndipo Burlington, mzinda waukulu m'mbali mwa nyanja ya Champlain, sufika 50,000. Komatu kachigawo kameneka kali ndi aphungu 150 ndi maseneta 30, onse osankhidwa zaka ziwiri zilizonse pamodzi ndi bwanamkubwa ndi wachiwiri wake. Werengani nokha: phungu mmodzi amaimira anthu ongopitirira 4,000. Munthu wa miyendo yolimba atha kugogoda pakhomo lililonse m'dera lake nsapato zisanang'ambike. Kumalo otere ndalama za kampeni sizilankhula mokweza ngati ku California kapena ku Texas. Ngati ku America kuli dothi lomwe chipani chachitatu chingamerepo, ndi limeneli.

Sanders sadayambire pa umeya. M'zaka za m'ma 1970 adali m'kachipani kotchedwa Liberty Union, komwe kadabadwa mu 1970 anthu atakwiya ndi nkhondo ya ku Vietnam. Kachipanika kankadwala matenda omwe tizipani tambiri timadwala, oyang'ana kudenga kokhakokha. Sanders adaima kanayi, kawiri pa useneta wa ku Washington, kawiri pa ubwanamkubwa, ndipo pomwe adachita bwino kwambiri, mu 1976, adapeza mavoti 6 pa 100 alionse. Adatopa nazo, nkuchoka mu 1977. Mnzake wina wophunzitsa pa yunivesite ya Vermont ndiye adamuonetsa zotsatira za chisankhocho dera ndi dera, kuti adzionere yekha kuti m'makwalala a anthu olimbana ndi lendi mu Burlington ankamuvotera mochuluka kuposa m'chigawo chonse. Adamulangiza kuti asiye kuthamangira mipando ya kutali, ayese wa pakhomo.

Kupambanako kudali kopepuka poyerekeza ndi zomwe adakazipeza kukhonsolo. Mwa makhansala 13, a mbali yake adali awiri okha, mmodzi wa iwo Terry Bouricius, yemwe adasankhidwa tsiku lomwelo. A Democratic ndi a Republican, omwe pagulu amaoneka ngati mphaka ndi khoswe, adagwirana manja nkumakana anthu omwe meya watsopanoyo adawasankha kuti ayendetse maofesi a mzinda. Kwa iwo zomwe zidachitikazo idali ngozi chabe. Pakatha zaka ziwiri mpando ubwerera kwa eni ake. Anthu a Sanders adayenda khomo ndi khomo, ndipo pa chisankho cha 1982 adakwana makhansala asanu. Adali ochepabe, koma okwana kuti meya akakana chomwe khonsolo yagamula, otsutsawo alephere kuchikakamiza. Gulu limeneli ndilo lidadzatchedwa Progressive Coalition. Sanders adapambananso mu 1983, 1985 ndi 1987, ndipo zaka zonse zisanu ndi zitatuzo anthu ake sadakhalepo ochuluka m'khonsolo.

Ambiri ankayembekezera kuti munthu wodzitcha wasosholizimu azingolalikira za Nicaragua. Adalalikiradi, adakafikakonso mu 1985. Koma chomwe chidamusunga pampando ndi ntchito zosatchuka: kukwirira maenje m'misewu, kuchotsa chipale chofewa m'makwalala chisanu chikafika pachimake, kukana kuti gombe la nyanja lidzaze nyumba za anthu olemera okhaokha. Ntchito yomwe ine ndimaivulira chipewa ndi ya 1984, pomwe mzinda udapereka madola 200,000 kuyambitsa bungwe la Burlington Community Land Trust. Nzeru yake ndi yosavuta. Bungwe limasunga malo, banja limagula nyumba yokhayo yomwe yakhala pamalopo, choncho mtengo umatsika. Banjalo likafuna kugulitsa, limatenga gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a phindu lomwe nyumbayo yakwera nalo, kuti banja lina lopeza pang'ono lithenso kuigula. Bungwelo lilipo mpaka lero, dzina lake tsopano ndi Champlain Housing Trust, ndipo mizinda ya m'maiko ena idakaphunzirako. Munthu yemwe wapeza denga mwa njira imeneyi simungamuuze kuti voti yake idatayika.

Sanders atachoka mu 1989, mpando udatsala m'manja mwa Peter Clavelle, yemwe adaugwira mpaka 1993, nkuutaya kwa Peter Brownell wa Republican, nkuutenganso mu 1995 mpaka 2006. Mu 1990, chaka chomwe Sanders adapambana uphungu wa ku Washington ataima payekha, Bouricius ndi Tom Smith adalowa m'nyumba ya malamulo ya ku Montpelier. Dean Corren adawatsatira mu 1992, ndipo mu 1996 kudabwera mnyamata wolima ndiwo zamasamba, David Zuckerman, yemwe dzina lake tikumana nalonso. Mu 1999 gulu la mumzinda lija lidasanduka chipani cha chigawo chonse. Taonani ndondomeko yake: khansala, meya, phungu, kenaka chipani. Padadutsa zaka 18 asanasindikize dzina pachikwangwani. Chodabwitsa china, Sanders mwiniwake sadakhalepo membala wa chipanichi. Amachithandiza, icho chimamuthandiza, koma iye amaima payekha mpaka lero. Mwina nkhalambayi idaona kale pomwe pali mbuna.

Zaka zomwe chipanichi chinkaopsa ndi za Anthony Pollina, munthu yemwe adadziwika pomenyera ufulu wa alimi a mkaka. Mu 2000 adaima pa ubwanamkubwa nkupeza mavoti pafupifupi 10 pa 100 alionse. Howard Dean wa Democratic adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, atangodutsa theka ndi kadontho. Thekali ndi lofunika ku Vermont, chifukwa malamulo a chigawochi amati ngati palibe yemwe wapitirira theka la mavoti pa mpando wa bwanamkubwa kapena wachiwiri wake, aphungu ndi maseneta ndiwo amasankha. Mu 2002 Pollina adaima pa mpando wa wachiwiri kwa bwanamkubwa nkupeza pafupifupi 25 peresenti. Peter Shumlin wa Democratic adapeza 32, Brian Dubie wa Republican 41, ndipo mpando udapita kwa Dubie. A Democratic adalira maliro a chaka chathunthu. Nyimbo idali imodzi: mwagawa mavoti, mwatipatsira mdani mpando.

Nyimbo imeneyi ine sindiivina. Voti ndi ya munthu wovota, ndipo chipani chomwe chikuti mwatibera mavoti chikuulula chokha kuti chinkawaona anthuwo ngati mbuzi za m'khola mwake. Munthu mmodzi mwa anayi alionse adalowa m'kachipinda kovotera, adaona dzina la Shumlin, adalidumpha mwadala. Ameneyo ndi uthenga, ndipo wofunika kudzifunsa adali Shumlin. Chisankho cha 2008 chidaonetsa bodza la nyimboyi poyera. Pollina adayamba kampeni ya ubwanamkubwa ngati wa Progressive, pakati pa chaka nkusintha kuti aime payekha. Jim Douglas wa Republican adapambana ndi mavoti opitirira theka, koma wachiwiri adali Pollina, ataposa Gaye Symington wa Democratic, yemwe adali sipikala wa nyumba ya aphungu, ndi mavoti osafika 300. Nanga apa wogawa mavoti a mnzake adali ndani? Sindidamve wa Democratic aliyense akupepesa kwa Pollina.

Apa mpomwe chikamwini chidalowera. Malamulo a Vermont amalola munthu mmodzi kuimira zipani ziwiri pa chisankho chimodzi. Mukatenga pepala lovotera mupeza dzina la munthu, tauni yomwe amakhala, kenaka mayina a zipani ziwiri atalekanitsidwa ndi kamzere. Manyuzipepala amangofupikitsa: P/D kapena D/P. Chilembo chomwe chili kutsogolo ndicho chikuuzani kwawo kwenikweni kwa munthuyo. Kuti apeze chilembo cha D, wa Progressive amakapikisana nawo pa chisankho cha chipulula cha a Democratic mu Ogasiti. Akapambana, mu Novembala amakumana ndi wa Republican yekha, popanda womutonza kuti wagawa mavoti.

Ndinene chilungamo, njirayi idabala zipatso zooneka. Tim Ashe, yemwe adali khansala wa Progressive ku Burlington, adalowa nayo mu seneti mu 2008, ndipo mu 2017 adakhala mtsogoleri wa nyumbayo. Pollina mwiniwake adakhala seneta mu 2010. Doug Hoffer adasankhidwa mu 2012 kukhala mkulu wolondoloza momwe ndalama za boma la chigawo zikuyendera. Zuckerman adalowa mu seneti chaka chomwecho, ndipo mu 2016 adagonjetsa sipikala Shap Smith pa chipulula cha a Democratic nkukhala wachiwiri kwa bwanamkubwa, mpando waukulu kuposa yonse yomwe chipanichi chidaugwirapo. Mfundo zomwe a Progressive ankazikankha ali okha, monga kukweza malipiro otsikitsitsa a antchito, tchuti cholipidwa munthu akadwala, ndi lamulo la 2014 lokakamiza makampani kulemba pa paketi ngati chakudya chili ndi mbewu zosinthidwa chibadwa, zidasanduka malamulo. Munthu wozindikira sangati zonsezi ndi zachabe.

Koma mkamwini timamudziwa. Amalima munda kuyambira m'bandakucha, amamanga nkhokwe, amafolera nyumba, ndipo apongozi amamuyamikira pamaso pa alendo. Ana akabadwa ndi a kuchikazi. Tsiku lomwe mawu avuta, amanyamula kathumba kake nkusiya zonse. Mfundo zija zitasanduka malamulo, pa misonkhano ya kampeni zidatchedwa ntchito za a Democratic, chifukwa osaina ndi ochuluka m'nyumba adali iwowo. Taonaninso zilembo zija. Ashe ndi Hoffer onse adali D/P, D kutsogolo. Ashe atafuna umeya wa Burlington, mzinda womwe chipani chake chidabadwira, adakaufunira kumsonkhano wa a Democratic kumapeto kwa 2011, komwe adalingana mavoti ndi Miro Weinberger, 540 kwa 540, nkudzagonja pa chibwereza. Clavelle naye atafuna ubwanamkubwa mu 2004 adavala malaya a Democratic. Mnyamata wanzeru yemwe akuyamba ndale ku Vermont lero akaona zimenezi amadzifunsa kuti chilembo cha P chimupatsa chiyani chomwe D yekha sangamupatse. Yankho lake likucheperachepera.

Chaka chomwe chinkhoswe chidachitika ndi 2010, ndipo apa ndichedwapo. Douglas adali atanena kuti saimanso. A Democratic adali ndi njala ya mpandowo atakhala panja zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankadziwa kuti a Progressive akaimika munthu wawo, msuzi utayika ngati mu 2002. Mphamvu yonse idali m'manja mwa chipani chaching'ono. A Progressive adatchula malowolo awo, akuluakulu awiri. Choyamba, malo opangira magetsi a nyukiliya a Vermont Yankee, ku Vernon, atsekedwe. Chachiwiri, boma la chigawo likhale lolipirira chithandizo cha kuchipatala cha munthu aliyense kuchokera m'misonkho, m'malo moti aliyense azigula inshulansi ku makampani. Ku America, komwe matenda amodzi atha kugulitsitsa banja nyumba, imeneyi idali nkhani yaikulu zedi, ndipo palibe chigawo chomwe chidaichitapo. Shumlin, yemwe uja adalira mu 2002, adavomera zonse. Martha Abbott, wapampando wa chipani cha Progressive, adapambana chipulula cha chipani chake nkudzichotsa pampikisano kuti njira ikhale yoyera. Shumlin adagonjetsa Dubie ndi mavoti osafika 5,000. Pakadakhala wa Progressive pa pepala, Shumlin sakadaunyambita mpandowo.

Poyamba zidaoneka ngati ukwati ukoma. Mu Meyi 2011 Shumlin adasaina lamulo lotchedwa Act 48, lokhazikitsa Green Mountain Care. Lamulolo lidati pofika Januwale 2013 boma lifotokoze komwe ndalama zake zichokere. Januwale adafika, adadutsa, masamu osaoneka. A Progressive adaleza mtima mu 2012, sadamuimikire wopikisana naye. Adalezanso mtima mu 2014. Mu Novembala chaka chimenecho Shumlin adangoposa Scott Milne wa Republican ndi mavoti ochepera 3,000, osafika theka, moti nkhani idayenera kupita kwa aphungu. Pa 17 Disembala, patangotha milungu isanu ndi umodzi anthu atavota, adaitana atolankhani nkuwauza kuti ndondomeko ija yaikidwa pambali. Chifukwa chake, adatero, ikadafuna msonkho wa 11.5 peresenti pa malipiro omwe olemba ntchito amapereka, kuphatikiza wina wofika mpaka 9.5 peresenti pa zomwe munthu amapeza, ndipo chuma cha chigawo sichikadapirira. Mu Januwale 2015 aphungu adamuvomereza pampando, anthu okwiya ali thithithi m'makonde a nyumba ya malamulo, ena mpaka kumangidwa. Vermont Yankee idatsekedwadi Disembala yemweyo wa 2014, koma yotseka idali kampani yake, Entergy, yomwe idati bizinesiyo siikupindulanso chifukwa gasi watchipa.

Timati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Herode uja adasunga lonjezo lake. Shumlin sadasunge, koma mutu udadukabe, ndipo udali wa a Progressive.

Alipo omwe anganditsutse kuti Shumlin sadaname, masamuwo adalidi olemera, ndipo mtsogoleri wabwino amabwerera akaona phompho. Mwina ndi zoona. Ine funso langa lili pa kalendala. Masamu omwe lamulo lidati aoneke mu 2013 adaonekera chifukwa chiyani anthu atavota kale mu 2014? Yankho ndi loti panalibe womukakamiza. Wa Republican sakadamufunsa kuti afulumize chinthu chomwe iye amadana nacho. Yekhayo yemwe akadaima pa mtsutso nkuti bwana, tionetseni mapepala lero, adali wa Progressive, ndipo ameneyo adali atadzitsekera yekha panja. Chipani chachikulu chili ndi ndalama, maofesi ndi mayina. Chaching'ono chili ndi chida chimodzi chokha, kutha kunena kuti mukatinamiza tiima tokha ndipo mugwa. A Progressive adapereka chida chimenechi posinthana ndi mawu a pakamwa, ndipo kuyambira 2010 mpaka 2024 sadaikenso munthu wolimbana ndi wa Democratic pa mpando wa bwanamkubwa mu Novembala.

Enanso angati, nanga mumafuna apatse a Republican mpando mwadala? Tiyeni tione zomwe zidachitika atakhala ana abwino. Shumlin atachoka, Phil Scott wa Republican adapambana ubwanamkubwa mu 2016, nkupambananso mu 2018, 2020, 2022 ndi 2024, popanda wa Progressive wogawa mavoti a munthu. Mu 2020 Zuckerman mwiniwake adaima ndi zilembo zonse ziwiri nkupeza mavoti 27 pa 100 alionse, Scott 68. Chomwe ankaopa chidabwerabe, ndipo chidawapeza atagulitsa kale mkondo.

Ife kuno nkhani yotere si yachilendo. Mu 1994 chipani cha AFORD chidali ndi aphungu 36, ndipo onse ankachigwadira. Chakufwa Chihana atalowa m'boma la Bakili Muluzi ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, ulendo wotsika udayamba: aphungu 29 mu 1999, 6 mu 2004, mmodzi mu 2009. Zifukwa zidalipo zambiri ndipo maiko awiriwa ndi osiyana kutalitali, koma kafungo kake ndi kamodzimodzi.

Ndikadakhala wabodza ndikadati mabala onse a chipanichi adachita kuchibaya ena. Ena chidadzicheka chokha, ku Burlington komwe. Bob Kiss adalowa umeya mu 2006 pa chisankho cha mtundu watsopano, chomwe wovota amandandalika opikisana kuti woyamba uyu, wachiwiri uyu, ndipo wotsalira kumbuyo amachotsedwa mavoti ake nkugawidwa kwa otsalawo. Mu 2009 Kurt Wright wa Republican ndiye adatsogola pa mavoti oyamba, koma atagawa enawo Kiss adapambana ndi mavoti ongopitirira 250. Patangopita miyezi kudaululika kuti madola 17 miliyoni a m'thumba la mzinda adalowetsedwa mu Burlington Telecom, kampani ya intaneti ndi matelefoni ya mzindawo, mosemphana ndi chilolezo chomwe boma la chigawo lidapereka. Mbiri ya mzinda pa ngongole idatsitsidwa, banki ya Citibank idapita kukhoti. Anthu adakwiyira Kiss, nkukwiyiranso njira yomwe idamulowetsa, ndipo mu Malichi 2010 adavota kuti kavotedwe katsopanoko kathe. Chipani chomwe chinkalalikira kuti boma lizichita zinthu poyera chidagwidwa chikubisa mabuku. Mu 2012 sichidaimike nkomwe munthu pa umeya, ndipo Weinberger adakhala pampando zaka 12.

Chinanso ndi cha apolisi. Mu Juni 2020, dziko lonse likuwira ndi imfa ya George Floyd, khonsolo ya Burlington, momwe a Progressive adali ndi theka la mipando 12, idagamula kuti chiwerengero cha apolisi chitsike kuchoka pa 105 kufika pa 74, posalemba ena m'malo mwa ochoka. Apolisi adachoka mothamanga kuposa momwe aliyense ankaganizira, anthu oti agwire ntchito zomwe apolisiwo adasiya adali asanakonzedwe, ndipo chaka chotsatira khonsolo yomweyo idakweza chiwerengerocho kufika pa 87. Makhansala ena a Democratic adavotera nawo chigamulo choyamba chija, koma chitonzo chidatsalira a Progressive okha. Walira mvula walira matope. Ukafuna kulamula mzinda uyenera kuyankha foni ya mayi yemwe amuthyolera nyumba usiku.

Komabe taonani chomwe chidachitika pambuyo pa matope onsewa. Mu 2021 Max Tracy wa Progressive adatsala mavoti 129 okha kuti agwetse Weinberger. Mu Malichi 2024 Emma Mulvaney-Stanak, yemwe kale adali wapampando wa chipanichi, adaima pa umeya ndi dzina la Progressive, maso ndi maso ndi Joan Shannon wa Democratic, yemwe kampeni yake idatsamira pa nkhani ya apolisi yomweyo. Mulvaney-Stanak adapambana, nkukhala mayi woyamba kulamula mzindawo. Anthu adali atavotanso kale kuti kavotedwe kondandalika opikisana kabwerere. Ku Burlington, komwe wa Progressive ndi wa Democratic amalimbana poyera pafupifupi chisankho chilichonse, chipanichi chidagwa mu 2012 nkudzukanso. Ku Montpelier, komwe chimagona m'nyumba ya apongozi, aphungu ake sadafikepo 10 mwa 150, ndipo pa chisankho cha 2024 adatsala anayi.

Novembala wa 2024 adabweretsanso nthabwala yowawa. Zuckerman, yemwe adali atabwerera pa mpando wa wachiwiri kwa bwanamkubwa mu 2022, adagonja kwa John Rodgers, yemwe kale adali seneta wa Democratic koma adaima ngati wa Republican. Kusiyana kudali mavoti pafupifupi 6,000. Munthu wachitatu pa pepalalo adapeza mavoti oposa kawiri kusiyanako, ndipo adali wa chipani cha Green Mountain Peace and Justice, lomwe ndi dzina latsopano la Liberty Union, kachipani kaja Sanders adakasiya mu 1977. Ndikukhulupirira kuti usiku umenewo alipo a Progressive omwe nyimbo ya mwagawa mavoti idawafika pakhosi. Ngati adaimeza, adachita bwino. Anthu omwe adavotera wachitatu uja adaona dzina la Zuckerman lili ndi P ndi D pambali pake, nkuona kuti kusiyana kwake ndi wa Democratic wamba sikukuonekanso, nkupita kwina. Ndi uthenga womwewo womwe Pollina adatumiza kwa Shumlin mu 2002, wangosintha adiresi.

Sindikuti a Progressive asamagwirizane ndi aliyense. M'nyumba ya malamulo lamulo silidutsa ndi anthu anayi, ndipo pali madera omwe kuima ndi zilembo ziwiri ndi nzeru. Chomwe ndikukana ndi kusandutsa ubwenzi wa tsiku limodzi kukhala mudzi wokhalamo. Ngati vuto ndi kugawa mavoti, mankhwala ake adawayesa kale ku Burlington, ndipo a Democratic akafunadi kuti nyimbo ija ithe, avomereze kavotedwe kondandalika opikisana pa mipando yonse ya chigawo. Adakhalapo ndi aphungu oposa 100 mwa 150 pambuyo pa 2022, okwana kudutsitsa lamulo ngakhale bwanamkubwa atakana, ndipo sadachite. Mantha a kugawa mavoti amawathandiza, chifukwa ndiwo chingwe chomwe amamangira nacho mkamwini pamtengo.

Mpando wa bwanamkubwa ku Vermont amaulimbirana zaka ziwiri zilizonse. A Progressive aikepo munthu wawo, dzina la chipani chawo lokha pambali pake, ndipo asadzamuchotse mu Seputembala ngakhale wa Democratic atalonjeza mwezi ndi nyenyezi. Akapeza mavoti 10 pa 100 alionse ngati Pollina mu 2000, apeze omwewo. Chaka chimenecho Howard Dean sadagone tulo.